Konzani chithunzi, koma musachinamize

Masiku ano aliyense amene ali ndi kompyuta kunyumba wasanduka katswiri wa zithunzi. Ndi Photoshop, imene inatuluka mu 1990, kapena GIMP yomwe ndi yaulere, munthu atha kuwalitsa chithunzi chakuda, kuwongola chopendekeka, kudula m'mbali ndi kuchotsa kufiira kwa maso kobwera ndi fulashi. Izi ine ndilibe nazo mlandu. Kungoti sungani padera chithunzi choyambiriracho, pakuti cha JPEG chimatsika ubwino nthawi iliyonse mukachikonza n'kuchisunganso.

Pamene ndikukana mpofufuta kapena kuwonjezera anthu. Ku Soviet Union, Nikolai Yezhov ataphedwa mu 1940, anamufufuta pa chithunzi chimene anaima pambali pa Stalin, pamalo pake n'kutsala madzi a mumngalande. Ntchito imene kale inkafuna akatswiri a boma, lero mwana wa sukulu aimaliza tiyi asanazizire. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula wake Brian Walski chifukwa cholumikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kukhala chimodzi. Ndikuti inachita bwino.

Wina ati, "Changa n'chaukwati chabe." Inde, koma mlamu amene mwamufufuta chifukwa mwayambana, paukwatipo analipo, ndipo adzukulu anu ayenera kudzamuona. Chithunzi ndi mboni. Tikazolowera kuchinamiza pabanja, tidzadzudzula ndi pakamwa pati andale akadzachulukitsa ndi kompyuta anthu a pamsonkhano wawo?