Timabuku ta Ziphona: Toyamba ndi Tosindikizanso

Mwezi uno tiyeni ticheze za timabuku ta nthano za zithunzi, tija tosimba za ziphona monga Superman, Batman ndi Spider-Man. Ku America ndi ku Britain kuli anthu, ena a imvi ndithu, amene amasonkhanitsa timabuku totere ndi kutisunga ngati chuma. Kodi chimaŵakopa n'chiyani?

Nkhaniyi idayamba m'chaka cha 1938, pamene kabuku kotchedwa Action Comics No. 1 kadatuluka ndi nthano yoyamba ya Superman. Mtengo wake udali masenti 10 okha. Kadasindikizidwa pa pepala wamba la nyuzi, losachedwa kufuwira ndi kung'ambika. Ana adakaŵerenga nakataya, amayi adasesa tina pokonza m'nyumba, ndipo tambirimbiri tidapita pamene mapepala akale ankasonkhetsedwa pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Lero tatsala pafupifupi 100 chabe, kotero kuti m'chaka cha 2024 kamodzi kadagulidwa ndi madola 6 miliyoni.

Munthu wamba sangafikepo pa mtengo wotere. Chifukwa chake makampani a DC ndi Marvel akhala akusindikizanso nthano zakalezo, kuti wokonda kuŵerenga azipeze motsika mtengo. M'chaka cha 1974 a DC adatulutsanso kabuku koyamba kaja pa mndandanda wotchedwa Famous First Edition, pa mtengo wa dola imodzi. Masamba ake adali aakulu kuposa akale, ndipo kunja adakutirako chikuto china cholimba chonena poyera kuti n'kosindikizanso. Koma anthu ena osaona mtima ankachotsa chikuto chakunjacho, nagulitsa zam'katizo ngati za 1938. Ogula osafunsa adalira. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wosonkhanitsa wanzeru amayeza kukula kwa masamba, amayang'ana mtundu wa pepala, ndiponso amaŵerenga timalemba tating'ono tosonyeza chaka chosindikizira.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza mtima koposa. Amene adapeka Superman adali anyamata aŵiri a mu mzinda wa Cleveland, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula. Iwo adagulitsa umwini wa nthano yawo ndi madola 130 okha. Kampani idalemera, koma eni ake luso adakalamba ali osoŵa, Shuster maso atayamba kuchita khungu. Mpaka m'chaka cha 1975, anthu atadandaula kwambiri, m'pamene adalonjezedwa madola 20,000 pa chaka aliyense, ndi kuti maina awo azilembedwanso pa nthanozo. Wachinyamata waluso, usasaine chikalata chimene sunachimvetse, ngakhale njala ikuthine chotani.

Tsono kwa inu makolo: mukapeza mwana ali ndi kabuku kotere, musafulumire kukaponya pa moto. Ku America adachitapo zimenezo; m'chaka cha 1948 ana a sukulu m'mizinda ina adaunjika timabukuti nkutitentha poyera, ndipo zambiri zabwino zidapsera limodzi ndi zoipa. Khalani pansi, muŵerenge naye. Zina n'zachiwawa zosayenera ana, ndipo zimenezo muchotse mutamufotokozera chifukwa chake. Koma m'kalasi ndaona ana oopa buku la masamba ambiri akuyamba kukonda maŵu chifukwa cha zithunzi.

Ndipo inu achinyamata amene mufuna kuyamba kusonkhanitsa, dziŵani kuti kabuku kosindikizanso kaŵirikaŵiri sikalemeretsa munthu. Phindu lake lili m'kuŵerenga, m'kuphunzira kujambula, ndi m'kuzoloŵera kusamala chinthu. Musagulire ndalama ya fizi kapena ya makope. Sungani timabuku tanu pouma, kutali ndi dzuŵa, chiswe ndi mphemvu, ndipo mubwereke mng'ono wanu akasamba m'manja. Mukadzafuna kugulitsa kapena kusinthana ndi mnzanu, nenani zoona kuti n'kosindikizanso.