Banjo ya Agogo Isathere ku Ciswe

M'midzi ya m'boma la Chongwe, monganso m'madera ena a dziko lino, muli nyumba zimene zikusunga cuma eni ake osadziwa kuti ndi cuma. Kudenga, pakati pa mitengo ndi udzu, kapena kuseri kwa nkhokwe pamodzi ndi makasu akutha, kwapacikidwa banjo yakale: citini ca mafuta kapena mtengo wosemedwa, cikopa ca mbuzi cokhomedwa ndi timisomali, ndi nsambo zitatu kapena zinai za waya wocotsedwa ku mabuleki a njinga. Mwini wake mwina anamwalira, mwina ali moyo koma zala zinauma. M'sutukesi ya kunsi kwa bedi mukhoza kupezekanso cithunzi cofwifwa ca anyamata atabvala malaya ofanana, kabuku kolembedwamo mau a nyimbo, ndi mbale ya galamafoni yong'aluka. Izi ndizo zotsala za timagulu ta oimba timene tinali kudzicha dzina lakuti jazz band, ndipo dzinja liri lonse ciswe ndi dzimbiri zikucotsapo gawo lake.

Zinthu zimenezi ziyenera kusonkhanitsidwa ndi kusungidwa m'Chongwe momwemo, ndipo nchitoyo iyenera kuyamba pamene ena mwa amene anali kuziliza akali ndi mpweya.

Dzina lakuti jazz lisasokoneze munthu. Anyamata a m'midzi sanali kuimba nyimbo za ku New Orleans, ngakhale kuti kumeneko nakonso, m'zaka za m'ma 1920, banjo inali pakati pa zoimbira zofunika za magulu a jazz. Iwo anangobwereka dzinalo kamba kakuti linali kumveka lacitukuko, koma nyimbo zinali zao, za m'cinenero cao, zonena za lobola, za njala, za mkazi wothawira ku tauni ndi za mwamuna wopita ku migodi osalemba kalata. Pambali pa banjo panali ng'oma yoponda ndi phazi, zitsekero za mabotolo zotungidwa pa waya, ndiponso babatoni, cimcoimbira ca nsambo zocepa cimene mau ake okhuthala anadzakhala msana wa kalindula. Panalibe cogula kusitolo kupatula misomali.

Njira imene banjo inafikira kuno ndi yodziwika. Machona obwerera kucokera ku migodi ya ku Johannesburg, ku Southern Rhodesia ndi ku Copperbelt anali kubwera ndi magitala, mabanjo ndi magalamafoni. Asilikali obwerako ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anacitanso cimodzimodzi. Kenaka kunabwera wailesi. Mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, kunayamba kugulitsidwa kawailesi kochipa ka Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo nyimbo zoulutsidwa ku Lusaka zinalowa m'midzi. Chongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 cabe kucokera ku Lusaka, m'mbali mwa mseu waukulu wopita kum'mawa. Cimene cinali kumveka mumzinda sicinali kucedwa kufikako. Mnyamata wopanda ndalama ya gitala anali kumvetsera Alick Nkhata ndi anzake a Lusaka Radio Band, amene pambuyo pake anachuka ndi dzina la Big Gold Six, ndipo m'mawa mwake anali kutenga kasemasema kukafuna mtengo.

Nkhata anabadwa mu 1922 ndipo anaphedwa mu October 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi famu yake ku Mkushi. Dzina lake likukumbukika, pakuti mseu umene pali nyumba ya wailesi ya ZNBC ku Lusaka umachedwa ndi dzinalo. Koma amene anamtsanzira m'midzi, nasangalatsa anthu pa maukwati ndi pa mowa kwa zaka makumi angapo, alibe mseu, alibe buku. Umboni wao ndi banjo ija ya kudenga basi.

Pali ena amene amatsutsa, ndipo mau ao ayenera kuyankhidwa. Iwo amati mwambo weniweni ndi ng'oma, kalimba ndi magule a makolo, pamene banjo ndi cinthu cobwera, ca azungu, cosayenera kuikidwa pamodzi ndi za mafumu. N'zoona kuti magule a makolo ali ndi ulemu wake, ndipo n'cokondweretsa kuti bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ndi Makishi mu 2005, ndi gule wa Mooba wa Alenje, anansi a Asoli, mu 2018. Koma kunena kuti banjo ndi ya azungu ndi kulakwitsa mbiri. Amene anayamba kuipanga ndi anthu akuda otengedwa ukapolo kupita ku zisumbu za Caribbean ndi ku America, pokumbukira zoimbira za cikho ndi cikopa za kwao kumadzulo kwa Africa, monga akonting ya Ajola a ku Senegal ndi Gambia. Pamene inafika kuno inali ngati mchona wobwerera kumudzi atasintha zobvala. Ndipo ngakhale ikanakhaladi yobwera, cimanga naco cinacokera ku America. Kodi alipo m'Chongwe amene anganene kuti nsima si cakudya ca makolo?

Kutsutsa kwina n'kolemera koposa. Anthu ali ndi mabvuto a feteleza, a madzi, a mankhwala m'zipatala, ndipo cilala ca 2024 cinasiya nkhokwe zambiri zopanda kanthu. Munthu wanjala sangauzidwe kuti asamale citini ca dzimbiri. Zimenezi n'zomveka. Koma nchito imene ikunenedwa pano siifuna nyumba yosanja kapena galimoto la a bwana. Ifuna cipinda cimodzi cosadontha, kabati yokhoma, kaundula, ndi munthu wodziwa kufunsa okalamba mwaulemu.

Ndiponso amene akuganiza kuti zinthu zotere ziribe mtengo ayang'ane zimene zinacitikira nyimbo za m'tauni. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene nayenso anali kuliza gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Magulu monga WITCH ndi Amanaz anakula, ndipo mbale zao zinali kutuluka ku Ndola kudzera ku Teal ndi ku Zambia Music Parlour. Cuma ca dziko citagwa, mbalezo zinatayidwa, zina ana anaseweretsa. Patapita zaka zoposa 30, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndiyo inazifunafuna ndi kuzitulutsanso, ndipo mbale zakale zimene zinapulumuka zinasanduka katundu wolimbirana pakati pa ogula a kunja. Momwemonso, wofuna kumva nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula kwa oimba a ku Copperbelt m'zaka za m'ma 1950 amazipeza ku International Library of African Music, imene iye anaikhazikitsa mu 1954, ndipo kuyambira 1978 iri ku Rhodes University ku South Africa. Alendowo sayenera kudzudzulidwa, pakuti popanda iwo zambiri zikanatheratu. Ca manyazi n'cakuti mdzukulu wa woimba azipita kutali cotero kukamva mau a agogo ake.

Ku Malawi kuli citsanzo cina cimene anthu a Chongwe angaphunzirepo. Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a ku Chileka, anali kuimba m'miseu ya Blantyre pamene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nao mu 1967. Nyimbo zao zinajambulidwa, mbiri yao inalembedwa, ndipo Donald asanamwalire mu 2001 anafika pokaphunzitsa ku yunivesite ku America. Ku Chileka komweko Moya Aliya Malamusi anathera zaka zambiri akusonkhanitsa zoimbira, nthano ndi nyimbo za m'midzi. Alan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, analiza banjo ndi gulu lake la Chimvu Jazz kufikira imfa yake mu 1995, ndipo nyimbo zake zikumvekabe kamba kakuti zinajambulidwa. Mbeu imeneyi siinafe: mu 2017 anyamata awiri a Madalitso Band anacoka m'miseu ya Lilongwe ndi babatoni wao wopanga okha kukaimba ku Zanzibar, ndipo kucokera pamenepo ayenda maiko ambiri a ku Ulaya. Luso lotere silinali ku Malawi kokha. Cimene cinasiyana n'cakuti kumeneko kunapezeka munthu wogwira kope ndi makina ojambulira mau.

Chongwe ali ndi mwai umene maboma ena alibe. Ku Chalimbana kwakhala kukuphunzitsidwa aphunzitsi kuyambira 1939, ndipo tsopano ndi yunivesite. Ophunzira a kumeneko amatumizidwa m'masukulu a m'midzi kukayeserera nchito. Sicingakhale colemetsa kuti ali yense abwereko ndi dzina la gulu limodzi la oimba akale, maina a nyimbo zake, ndi mau a mkulu mmodzi ojambulidwa pa foni. Palinso mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Asoli amasonkhana kwa Mfumukazi Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II kupempha mvula nyengo yodzala isanayambe. Nduna ndi mafumu a midzi amakhala pamodzi tsiku limenelo. Mau amodzi ocokera kwa iwo, akuti ali yense amene ali ndi banjo, babatoni kapena cithunzi ca gulu la oimba akalembetse, angafike kumene kalata ya ku khonsolo siingafike. A ku Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996, ali pafupi, ndipo ndiwo odziwa mankhwala oteteza mtengo ndi cikopa.

Koma pakhale cenjezo. Banjo ndi ya banja, ndipo palibe ayenera kuilanda m'dzina la Boma kapena la mfumu. Amene safuna kupereka, aloledwe kusunga, cinthuco cingojambulidwa ndi kulembedwa. Amene wabwereketsa apatsidwe pepala losainidwa, kuti tsiku limene adzafune katundu wake asadzauzidwe kuti makiyi anapita ndi munthu amene anasamutsidwa. Ndipo pa maliro, pamene acibale akhala pansi kugawana za malemu, pamene maso onse ali pa njinga, ng'ombe ndi malata, pakhale wina wofunsa za banjo ana asanaisandutse galimoto la mawaya.

Banjo yongokhala m'kabati ya galasi, nsambo zitaduka, iri ngati ng'oma yobooka. Cofunika koposa mtengo ndi cikopa ndi cimene ciri m'mutu ndi m'zala za mwini wake: m'mene anali kukungira nsambo, pakuti gulu liri lonse linali ndi makungidwe ake; mtengo umene anasankha; moto umene anali kuothetsa cikopa kuti cilimbe gule asanayambe; ndi nkhani imene inabala nyimbo iri yonse. Mnyamata amene anasema banjo yake ali ndi zaka 15 m'caka ca ufulu, 1964, tsopano wapitirira zaka 75. Oyamba kucezeredwa akhale amenewo, ndipo wopita kukawaona anyamule waya watsopano wa mabuleki, kuti mkuluyo akunge yekha nsambo ndi kuimbako nyimbo ziwiri foni ikujambula.