Tiwathokoze Amene Anaveka Mapaipi a Suweji Malaya a Pulasitiki

Paipi ya suweji ikagwa, anthu amathamangira kunena kuti omanga anaba simenti. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma alipo mdani wina amene amadya ngakhale konkire yosakanizidwa mwachilungamo, ndipo lero tikufuna kuthokoza anthu amene anamudziwa mdaniyo n'kupeza chomutchingira.

Kadyedwe kake n'kofanana ndi ka chiswe pa phaso: kunja kumaoneka bwino, mkati mukutha. Zonyansa zikamayenda pang'onopang'ono m'paipi, mabakiteriya okhala m'ndere zomata pansi pa madzi amatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, uja wonunkha ngati dzira lowola. Mpweyawo umakwera n'kukamatirira pachinyezi cha kudenga la paipi. Kumeneko kumakhala mtundu wina wa mabakiteriya umene umausandutsa sulphuric acid, asidi yemwe uja wa m'batire ya galimoto. Konkire yatsopano imakhala ndi pH ya pakati pa 12 ndi 13, koma padenga la paipi yodwala imatha kutsika mpaka 1 kapena 2. Simenti imasanduka phala loyera lomwe munthu angakande ndi chala, zitsulo za mkati zimachita dzimbiri, kenako tsiku lina msewu umangotitimira. Pansi podutsa zonyansapo pamakhala pali bwinobwino. Chimene chimatha ndi denga, ndi m'mbali momwe madzi amalekezera.

Woyamba kumuthokoza ndi C. D. Parker wa ku Melbourne, m'dziko la Australia. M'chaka cha 1945 iye anasonyeza kuti asidiyo amapangidwa ndi tizilombo, ndipo kachilomboko anakatcha Thiobacillus concretivorus, dzina lotanthauza kuti kamadya konkire. Matenda akadziwika, sing'anga sayendanso mumdima.

Mzinda wa Los Angeles ku America unali utavutika kale ndi vutoli. Kumeneko kumatentha, mapaipi ndi aatali, ndipo zonyansa zimakhalitsa m'njira. M'zaka za m'ma 1920 mainjiniya anayesa kuyala matailosi adothi lowotcha mkati mwa paipi. Dothilo linapirira, koma asidi anadya simenti yolumikiza matailosiwo, iwo n'kuyamba kuyoyoka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunabwera njira ina: chinsalu cha pulasitiki ya PVC, chosafika ndi mamilimita awiri omwe kuchindikala kwake, chodziwika ndi dzina loti T-Lock. Nzeru yake ili kumsana. Chinsaluchi sachimata ndi guluu ayi. Chili ndi nthiti zooneka ngati chilembo cha T, ndipo amachiika m'chikombole asanathire konkire. Konkire ikauma, nthitizo zimatsala zitamira mkati, osazukanso. Konkire imasenza dothi ndi magalimoto a pamwamba, pulasitiki n'kumalimbana ndi asidi. Aliyense ntchito yake.

Komabe chimene chatikhudza kwambiri si pulasitikiyo, koma kusapupuluma kwa anthu a ku Los Angeles. Sanakhulupirire mawu a wogulitsa. M'buku la malamulo a ntchito zomanga lotchedwa Greenbook anaikamo mayeso oti tizidutswa ta pulasitiki tizinyikidwa m'mabotolo kwa masiku 112. M'botolo lina mumakhala sulphuric acid wa 20 peresenti, lina sodium hydroxide wa 5 peresenti, ena mankhwala oyeretsera zovala, sopo, ndi zina zimene zimapezeka m'suweji. Nthawi ndi nthawi amativuula, kutiyeza kulemera, kutikoka kuti aone ngati tafooka, n'kuonanso ngati tauma kapena tafewa. Pulasitiki imene yatupa, yapepuka kapena yayamba kuthetheka imakanidwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi pafupifupi inayi yodikira mabotolo ndi yochepa poyerekeza ndi zaka makumi ambiri zimene paipi iyenera kukhala m'nthaka popanda woiona.

Masiku ano ambiri akugwiritsa ntchito HDPE, pulasitiki ya mtundu womwewo ndi ya zigubu zolimba zotungira madzi. Iyo kumsana kwake kumakhala timitu tambirimbiri tomira m'konkire. Ubwino wake ndi woti safuna kuithira mankhwala ofewetsa ngati PVC, choncho mulibe chosukuluka m'kupita kwa zaka. Imapirira asidi, imapirira soda, siimwa madzi, ndipo imatamuka, moti konkire ikachita kamng'alu iyo imangokokeka osang'ambika. Ndi yoterera, ndiye zonyansa sizikakamira msanga. Dziko la Singapore linaiyala m'gawo loyamba la ngalande yake yaikulu ya pansi pa nthaka, lotalika makilomita 48, lopita kumalo oyeretsera madzi a Changi, limene linatha mu 2008.

Kuyamika sikutanthauza kubisa zofooka. Pulasitiki imene siopa asidi imagonja kwa petulo, dizilo ndi mankhwala osungunulira penti. Zikachuluka m'suweji imatupa n'kufewa. N'chifukwa chake garaja kapena fakitale yothira oyilo wakutha m'suweji imawononga chuma cha mzinda wonse. Pulasitiki imafutukukanso ndi kutentha kuposa konkire, ndipo mapaipi ongosiyidwa padzuwa miyezi yambiri asanakwiriridwe amatha kuchita makwinya. Madzi a m'nthaka nawo amalowerera m'konkire n'kumakankha chinsalucho chakumsana. Pofuna kupewa zimenezi, ambiri amavundikira denga ndi m'mbali mokha, pansi n'kusiyapo mpata woti madziwo azitulukira, poti pansipo pamakhala pomira ndipo asidi safikapo.

Malo oopsa koposa ndi polumikizira mapaipi. Apa tiyenera kuvulira chipewa amisiri owotcherera, amene maina awo salembedwa pachikwangwani chilichonse. Munthu amalowa m'paipi chokwawa, motentha ndi mopanda mpweya wokwanira, atanyamula makina otulutsa mpweya wamoto, n'kumawotcherera kachingwe ka pulasitiki kuzungulira cholumikizira chilichonse. Pambuyo pake amabwera woyendera ndi chida chamagetsi chimene chimathetheka pakakhala kabowo ngakhale kosaoneka ndi maso. Kabowo kamodzi n'kokwanira: mpweya umalowa, asidi n'kumadya konkire kuseri kwa chinsalu chimene chikuoneka chatsopano. Pulasitiki yabwino yowotchereredwa mwaulesi ndi ndalama zotayika, ndipo mmisiri amene amabwerera kukakonza kabowo komwe palibe akanakaona ndi woyenera malipiro abwino.

Nkhaniyi si ya kutali. Tizilombo todya konkire timakonda kutentha, ndipo kuno kwathu kumatentha. Mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ikukula, ndipo paliponse pamene padzafunike mapaipi aakulu a konkire, funso la asidi lidzabuka. Amene anaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 akudziwa chimene chimachitika zonyansa zikakumana ndi madzi akumwa. Tikupempha makhonsolo ndi mabungwe oona za madzi kuti pogula mapaipi otere azifunsa zotsatira za mayeso a mankhwala, azilemba mumgwirizano kuti cholumikizira chilichonse chidzayesedwa ndi magetsi, ndipo aphunzitse achinyamata athu luso lowotcherera pulasitiki ntchitoyo isanayambe.