Buleki ya ku ekizozi pa mtsetse wa ku Chikwawa

Aliyense amene anatsikapo msewu wa Blantyre kupita ku Chikwawa pa galimoto yolemedwa amalidziwa fungo lija limene limayamba kumveka galimoto isanafike pa Thabwa. Ndi fungo la mabuleki amene akupsa. Pa mtunda waufupi chabe msewuwu umatsika mamita oposa 800 kukafika m'chigwa cha Shire, ndipo pikiapu imene yasenza matumba a chimanga kapena simenti yomangira mjigo imadalira phazi la dalaivala pa khona iliyonse. Oyenda pa Chiweta ku Rumphi kapena pa Boterekwa ku Zimbabwe amazidziwanso zimenezi.

Gwero la vutoli ndi kapangidwe ka injini ya dizilo. Pa galimoto ya petulo, dalaivala akachotsa phazi pa moto khomo lolowera mpweya limatsekeka, injini imavutika kupuma, ndipo kuvutikako kumaigwira galimoto. Ya dizilo imakoka mpweya momasuka, ndipo mphamvu imene pisitoni yataya popanikiza mpweyawo imabwezedwa pamene mpweya ukuikankhiranso pansi ngati sipuling'i. Motero ntchito yambiri imatsalira mabuleki a m'matayala, amene amasandutsa liwiro kukhala kutentha. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike pa madigiri 230, koma akamwa chinyezi amatha kuwira cha pa 155. Akawira, dalaivala amaponda buleki n'kungomira mpaka pansi.

Clessie Cummins, amene anayambitsa kampani ya injini yodziwika ndi dzina lake, anakumana nazo mu 1931 akutsika Cajon Pass ku California: mabuleki a lole yake anatha mphamvu ndipo anangotsala pang'ono kuwomba sitima ya pamtunda. Mantha a tsiku limenelo ndi amene anadzabala Jake brake, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1961, ija imene imachititsa mathiraki kubangula akamatsika phiri. Koma imeneyo imagwira ntchito m'kati mwa injini ndipo ndi ya magalimoto akuluakulu. Yoyenera pikiapu ndi inzake yosavuta, buleki ya ku ekizozi, yomwe madalaivala a Canter ndi Coaster anaizolowera kale chifukwa imabwera nayo galimoto kuchokera ku fakitale.

Chipangizochi ndi kachitseko kachitsulo koikidwa m'paipi yotulutsira utsi. Kakatseka, utsi umasowa kolowera, umadzazana, ndipo pisitoni iliyonse imalimbana nawo pofuna kuutulutsa. Kulimbanako ndi kumene kumagwira matayala kudzera mu giya, mabuleki enieni akupumula.

Kuika kwake kumaoneka kophweka. Makaniko amadula paipi chakufupi ndi injini, pambuyo pa turbo ngati ilipo, n'kulumikizapo kachitsekoko mosasiya mpata wothawira utsi. Kenaka amaika chokankhira chake, chomwe chimayendera mpweya, ndi switchi pafupi ndi dzanja la dalaivala. Pamafunikanso timaswitchi tiwiri, kena pa moto, kena pa kilatchi, kuti kachitseko kazitseguka kokha dalaivala akangoponda chimodzi mwa ziwirizi. Wodumpha timaswitchiti pofuna kufulumira amasiya galimoto imene ingathire dizilo mu injini yotsekedwa kukamwa, kapena kuzima pakati pa khona.

Pamene pagona nkhani ndi pa muyeso wa mphamvu ya utsi wotsekeredwawo. Mavalavu otulutsira utsi amagwidwa ndi masipuling'i, ndipo utsi ukapyola mphamvu ya masipuling'iwo umatsegula valavu pa nthawi yolakwika, pisitoni n'kuiwomba. Apo ndiye kuti injini yatha. Ku America, eni mapikiapu akale a Dodge okhala ndi injini ya Cummins ya malita 5.9 ya mavalavu 12 ankayamba aika masipuling'i olimba, opirira 60 psi, asanaigwiritse ntchito buleki imeneyi pa mphamvu yake yonse. Injini iliyonse ili ndi malire akeake, ndipo n'chifukwa chake kachitsekoko kamakhala ndi kabowo kapena valavu yopumira. Makaniko wabwino amayamba wafunsa malirewo kwa opanga injini, ndipo akamaliza ntchito amalumikiza geji n'kukayesa galimoto pa mtsetse weniweni. Amene wangowotcherera chipangizo chochotsedwa pa lole yakufa, n'kunena kuti zatheka poti phokoso lasintha, akusewera ndi chuma cha eni ake.

Galimoto ya giya yosintha yokha ili ndi vuto lina: pakati pa injini ndi matayala pali mafuta, choncho popanda chida chomanga mbali ziwirizi pamodzi potsika, mphamvu ya buleki imangothera m'kutenthetsa mafutawo. Mapikiapu atsopano oyendetsedwa ndi kompyuta, okhala ndi sefa ya mwaye m'paipi, asakhudzidwe wogulitsa galimotoyo asanavomere.

Dalaivala naye ayenera kuphunzira. Buleki imeneyi siimitsa galimoto, imangoletsa liwiro kukwera, ndipo imaluma bwino injini ikamazungulira mofulumira. Giya yotsika isankhidwe pamwamba pa phiri, mtsetse usanayambe. Pa msewu wamatope kapena woterera ndi mvula, makamaka kumbuyo kukakhala kopanda katundu, matayala akumbuyo angathe kutsetsereka, choncho ndi bwino kuizimitsa. Pa magalimoto ambiri nyali zofiira zakumbuyo siziyaka buleki imeneyi ikagwira, ndipo wa njinga yamoto amene akulondola pafupi sadziwa kuti liwiro latsika.

M'mabungwe, pempho la chipangizo chotere limafika pa desiki ya woyang'anira ndalama amene mwina sanatsikepo phiri ali pa chiwongolero, ndipo kawirikawiri amaliona ngati chokongoletsera galimoto. Asanakane, ndi bwino atsegule buku la galimotoyo aone kuti mabuleki asinthidwa kangati pa chaka, ndiponso afunse dalaivala kuti amaima kangati pa mtsetse kudikira kuti azizire. Koma akavomera asaiwale kuti kulemera kwa katundu kololedwa ndi opanga galimoto sikusintha, ngakhale thumba limodzi, chifukwa choti paikidwa kachitseko m'paipi.