Za mufilimu tikuziopa, likodzo talizolowera

Filimu ya The Bay, imene Barry Levinson anatulutsa mu 2012, imaonetsa tauni ya ku Chesapeake Bay ku America komwe zitosi za nkhuku zaipitsa madzi, tizilombo takula n'kuyamba kudya anthu m'kati. Oonera ena amatseka maso, ena amati, "Nsomba basi, ndasiya!"

Abale, nsomba yophika bwino ilibe mlandu. Mantha amenewo tiwasungire likodzo, lomwe tikukhala nalo ku Shire, Malombe ndi Chilwa. Mazira ake amalowa m'madzi ndi mkodzo, tizilombo timakulira mu nkhono, kenaka timaboola khungu la msodzi, mayi wochapa kapena mlimi wa mpunga. Ku Chembe, ku Mangochi, ofufuza anaona nkhono zikuchuluka nsomba zodya nkhonozo zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Ndiye tikamakokolola tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, tikudziitanira matenda.

Mwana akakodza magazi, musati wakula ayi. Thamangani naye kuchipatala, mankhwala a praziquantel alipo. Padooko pakhale chimbudzi, neti ibwerere pogona.