Chiswe sichiwerenga malamulo

Mlendo akatsika sitima ya Ilala padoko la Nkhata Bay n'kufunsa komwe angaone nyumba yamakedzana, timamulozera ku Rumphi. Timati akwere ku Khondowe akaone Stone House, nyumba yamiyala ya Dr Robert Laws yomwe inamangidwa mu 1903. Manyazi sitichita n'komwe. Chonsecho Laws yemweyo, asanakwere phirilo mu 1894, ankakhala kwathu konkuno ku Bandawe kuyambira 1881.

Stone House ilipobe chifukwa ili ndi ntchito: alendo amagonamo, ndipo mbali ina amasungiramo zinthu zakale. Chimodzimodzinso Mandala House ya ku Blantyre, ya mu 1882, momwe muli laibulale ya Society of Malawi. Nyumba ikakhala ndi anthu, denga likangodontha wina amakwerapo ndi hamala. Yotsekedwa ndi loko imasanduka ya mileme.

Ndamvapo ena akuti, "Zimenezo n'za atsamunda, zigwe basi!" Mkwiyowo ndikuumvetsa. Padoko la Nkhata Bay pomwepa asilikali a atsamunda anawombera anthu athu pa 3 Malichi 1959, ndipo bala lake silinapole. Koma tandiuzani, njerwa za kumishoni ndi za nyumba za mabwana a m'maesiteti, ngati ku Vizara ndi ku Chombe, anaumba ndani? Anasenza mitengo ya denga ndani? Mzungu ankangoloza ndi ndodo, thukuta linali la agogo athu Achitonga. Tikamasekerera khoma likugwa, tikufafaniza luso lawo.

Luso lake si lamasewera. Khoma lokhuthala, denga lalitali, khonde lotakata loteteza njerwa ku mvula yathu yosatha ija: m'kati mumazizira ngakhale mu Okutobala, popanda fani. Ife lero tikumanga timabokosi ta simenti totentha ngati uvuni, n'kumati chitukuko. Ndipo tikati tikonze nyumba yakale, timapaka simenti pa njerwa zomangidwa ndi dothi kapena laimu. Chinyezi chimatsekeredwa m'kati, njerwa n'kumafumbutuka mwakachetechete.

Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale lilipo, inde, koma chiswe sichiwerenga malamulo.

A khonsolo, a CCAP Sinodi ya Livingstonia ndi eni maesiteti, yambani ndi chinthu chosafuna thandizo lakunja. Lembani m'kaundula nyumba zakale zonse, kuchokera paboma pano mpaka ku Chintheche ndi Bandawe. Funsani nkhalamba mbiri ya nyumba iliyonse zikadali moyo. Kenako iliyonse muipatse ntchito, kaya laibulale, kaya malo ogona alendo, ndipo malata odontha musinthe mvula isanagwe.