"Alemba m'nyuzipepala" si umboni wokwanira

Ophunzira athu akamachita mtsutso kapena kulemba chimangirizo, timamva kawirikawiri mawu akuti "alemba m'nyuzipepala." Tikafunsa kuti nyuzipepala yake iti, ya tsiku liti, mwana amangokanda m'mutu. Nafenso akuluakulu timatumizirana zithunzi za mitu ya nkhani pa WhatsApp, tsiku litadulidwa. Chizolowezi chimenechi chitheretu.

Tikumbukire namondwe wa Freddy, yemwe adatisiya m'misozi kuno ku Phalombe mu Marichi 2023. Pa 14 Marichi boma lidalengeza kuti anthu 190 amwalira m'dziko muno. Pa 16 Marichi chiwerengerocho chidafika pa 326, ndipo pakutha pa mweziwo chidali pa 676. Nyuzipepala iliyonse idalemba zomwe zinkadziwika pa tsiku lakelo. Koma wophunzira yemwe lero angalembe kuti "nyuzipepala idati Freddy adapha anthu 190," osatchula tsiku, wafafaniza anthu mazanamazana omwe abale awo akuwalirabe. Chakanso n'chofunika. Mukangoti "napolo wa ku Phalombe," agogo aganiza za wa mu 1991 wochokera m'phiri la Michesi, pomwe mdzukulu akuganiza za 2023.

Tsono ophunzira, tikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, tchulani dzina la nyuzipepala ndi tsiku, kaya ndi The Nation, The Daily Times kapena Fuko. Ngati mudamva pa wailesi, monga MBC kapena Zodiak, nenani choncho. Wokayika akhale ndi poti n'kukafufuza yekha.

Chachiwiri, onetsetsani yemwe akuyankhula m'nkhanimo. Mtolankhani akalemba zomwe wanena phungu kapena mkulu wa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, mawuwo ndi a munthuyo, osati a nyuzipepala. Ndemanga ya mkonzi nayo ndi maganizo, si lipoti la zomwe zachitika.

Chachitatu, mawu anu akhale padera. Yambani mwafotokoza mokhulupirika zomwe nkhaniyo yanena, mutaiwerenga yonse osati mutu wokha, kenako nenani maganizo anu. Kutsutsana ndi mlembi n'kololedwa. Kumuika m'kamwa mawu omwe sadanene ndi bodza, ngakhale cholinga chanu chikhale chabwino.

Ena anganene kuti nyuzipepala ndi zodula ndipo kumudzi kuno sizipezeka mosavuta, tsono mwana aziona kuti tsikulo? N'zoona. Koma n'chifukwa chake pepala lililonse lomwe latipeza tiyenera kulisamala. Tikupempha makolo ndi a komiti ya mzikiti kuti nyuzipepala zomwe mwamaliza kuwerenga muzizipereka kusukulu zili zathunthu, zisanakulungidwire mandasi. Mukadula nkhani imodzi yokha, lembani dzina la nyuzipepala ndi tsiku pamwamba pake.

Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana akabwera ndi nkhani kunyumba, musathamangire kuivomera kapena kuikana. Mufunseni kaye kuti: waiwerenga muti, ya tsiku liti, ndipo wanena zimenezo ndani?